Kagwiritsidwe ntchito ka "more polite than" m'Chingerezi

Aphunzitsi a Chingerezi akamachonga ntchito ya ana a Fomu 4, chiganizo ngati "Chisomo is polite than Mphatso" amakumana nacho kawirikawiri, ndipo cholembera chofiira chimatera pomwepo. Mwanayo amakhala ataganiza bwinobwino m'Chichewa kuti Chisomo ndi waulemu kuposa Mphatso. Kwathu liwu loti waulemu silisintha, katundu yense amasenza ndi "kuposa". Chingerezi katunduyu chimagawira mawu awiri. Liwu la "more" limayamba, kusonyeza kuti ulemuwo wachuluka, kenako "polite", ndiyeno "than" n'kutilozera amene waposedwayo. Chiganizo cholondola ndi "Chisomo is more polite than Mphatso". Mukasiya limodzi mwa mawu awiriwa, chiganizo chimatsimphina.

Vuto lina lochokera komweko ndi kuika "more" pafupi ndi "than", monga "Chisomo is polite more than Mphatso". Apa mawu onse alipo, koma andandalikidwa mwa Chichewa. Dongosolo lake ndi limodzi: more, polite, than.

Sitepe 1: Werengani maphatikizo a liwu lanu

Chingerezi chili ndi njira ziwiri zoyerekezera. Afotokozi aafupi, a phatikizo limodzi, amalandira "-er" kumapeto: kind amakhala kinder, rude amakhala ruder, nice amakhala nicer. Afotokozi aatali, a maphatikizo atatu kapena kupitirira, amafuna "more": more courteous, more respectful, more considerate. Palibe amene amanena "courteouser".

Msampha wa ife olankhula Chichewa uli pa kawerengedwe. Maphatikizo athu ambiri amathera ndi lembo la liwu, choncho khutu lathu likamva "kind" limamva ka-i-ndi, maphatikizo atatu, ndipo "rude" limamva ru-di. Tikatero timaganiza kuti ndi mawu aatali n'kuyamba kunena "more rude" pamene mwini chinenero akanati "ruder". Njira yosavuta ndi iyi: ikani dzanja pansi pa chibwano n'kutchula liwulo osawonjezera "i" kumapeto. Chibwano chikatsika kamodzi, phatikizo ndi limodzi. Pa "polite" chimatsika kawiri.

Mawu a maphatikizo awiri ndiwo ali pamalire. Ena mwa iwo amalola njira zonse ziwiri, monga polite, quiet, clever, gentle, simple, narrow ndi common.

Sitepe 2: Sankhani "more polite" kapena "politer", osati zonse pamodzi

Ambiri amadabwa kumva kuti "politer" ndi liwu lolondola. Lilidi m'madikishonale, ndipo kalembedwe kake n'kongowonjezera "r" popeza "polite" amathera kale ndi "e". Musalembe "politter" kapena "politeer". Komabe masiku ano "more polite" ndi amene amamveka kwambiri, polankhula ndi polemba pomwe. Ngati mukulemba mayeso a MANEB kapena kalata ya kuntchito, "more polite" sangakugwetseni m'mavuto, ndipo ndi amene tikulangiza.

Chimene sichiloledwa ndi kuphatikiza: "more politer", "more kinder", "more better". Cha m'ma 1600, nthawi ya William Shakespeare, mlembi wa masewero wa ku England, kalankhulidwe kotere kanali kovomerezeka, koma lero wochonga mayeso aliyense amakadula.

Pali malo amodzi pomwe "politer" sagwira ntchito n'komwe. Mukamayerekeza makhalidwe awiri a munthu mmodzi yemweyo, osati anthu awiri, mumagwiritsa ntchito "more" basi: "The receptionist was more polite than friendly". Tanthauzo lake n'lakuti mayi wa pa kauntala uja ulemu anali nawo, koma nsangala zinali zochepa. Anakupatsani moni, anakulozerani pokhala, koma nkhope ili gwa.

Anthu akakhala atatu kapena kuposerapo, ndipo mukufuna kutchula wopambana onse, "more" amachoka, pamabwera "the most polite" kapena "the politest". Malo kapena gulu mumalitchula ndi "in", chiwerengero cha anthu ndi "of": "the most polite pupil in the class", "the most polite of the three sisters". Apa "than" salowapo.

Sitepe 3: Onetsetsani zimene zabwera pambuyo pa "than"

Choyamba ndi kalembedwe. "Than" wa "a" ndi woyerekezera. "Then" wa "e" ndi wa nthawi, atanthauza kenako. Kompyuta nthawi zina sikuchenjezani mukasinthanitsa mawuwa, chifukwa onse ndi mawu enieni a Chingerezi.

Chachiwiri ndi mlowam'malo. Pocheza anthu amati "She is more polite than me", ndipo palibe amene angakudzudzuleni. Polemba zolongosoka ndi bwino kunena "She is more polite than I am". "Than I" payekha, wopanda "am", ndi wolondola koma amamveka wachikale.

Chachitatu, ndipo apa ngakhale odziwa Chingerezi amaterereka: zinthu ziwiri zimene mukuyerekeza zikhale za mtundu umodzi. Taonani chiganizo ichi: "The nurses at this clinic are more polite than the other clinic". Mwayerekeza anamwino ndi nyumba. Chofunika ndi "than those at the other clinic", kuti anamwino ayerekezedwe ndi anamwino anzawo. Chimodzimodzi "Her letter is more polite than him" chayerekeza kalata ndi munthu. Nenani "than his".

Ndiye pali chiganizo cha mitu iwiri, chimene chingathe kudanitsa anthu pantchito: "Tadala is more polite to customers than her manager". Kodi Tadala amalemekeza makasitomala kuposa mmene abwana ake amawalemekezera? Kapena amalemekeza makasitomala kuposa mmene amalemekezera abwana akewo? Zonse ziwiri zikutheka. Ngati mukutanthauza choyamba, malizani ndi "than her manager is". Ngati ndi chachiwiri, bwerezani mperekezi: "than to her manager". Kaliwu kamodzi kameneka kakhoza kusiyanitsa chiyamikiro ndi dandaulo.

Mperekezi wa "polite" akaloza munthu wolandira ulemu ndi "to": polite to visitors, polite to the elderly. Mukamayamikira munthu pa zimene wachita, ndi "of": "It was polite of you to call".

Ngati amene mukumuyerekezayo ali m'gulu lomwelo, musaiwale "other". "Mphatso is more polite than any boy in his class" chikunena kuti Mphatso akudziposa yekha, pakuti nayenso ndi mnyamata wa m'kalasimo. Nenani "than any other boy in his class".

Sitepe 4: Kwambiri ndi pang'ono

Tinazolowera kuti kwambiri ndi "very", choncho "very more polite" imatuluka yokha m'kamwa. "Very", "too" ndi "so" paokha sayima pafupi ndi "more". Mpata ukakhala waukulu nenani much, far kapena a lot: "much more polite". Ukakhala waung'ono nenani a little, a bit kapena slightly. "A bit" ndi "a lot" ndi a pocheza. M'kalata ya ku ofesi sankhani "slightly" ndi "much" kapena "far".

"Even more polite" ali ndi tanthauzo lapadera: onse awiri ndi aulemu, koma winayo wawonjeza. Ndi njira yabwino yoyamikirira mmodzi popanda kuchepsa mnzake.

Mukafuna kutembenuza, pali "less polite than" ndi "not as polite as". Wachiwiriyu ndi wofala pokamba ndipo ndi wofewa. "As" amayenda ndi "as" mnzake, "more" ndi "less" amayenda ndi "than". Osasakaniza kuti "as polite than" kapena "more polite as".

Sitepe 5: "Polite" kapena "politely"

Funsani kuti ulemuwo ukufotokoza chiyani. Ngati ukufotokoza munthu kapena chinthu, ndi waulemu, "polite". Ngati ukufotokoza mchitidwe, ndi mwaulemu, "politely". Choncho "He answered more politely than his friend", osati "answered more polite". Muonjeziyu alibe njira yachidule, "politelier" kulibe.

Aneni a be, seem, sound, look ndi become amatenga "polite", chifukwa amafotokoza mmene chinthu chilili: "That sounds more polite". Aneni a speak, ask, answer, refuse ndi behave amatenga "politely".

Sitepe 6: Kuyerekeza njira ziwiri zolankhulira

Ntchito yaikulu ya mawuwa m'moyo wa tsiku ndi tsiku ndi kuyerekeza zolankhula kapena zochita. Chimango chake ndi ichi: "It is more polite to" kenako mneni, "than to" kenako mneni wina. Chitsanzo: "It is more polite to knock than to walk in". Mbali ziwirizi zifanane maonekedwe. Mukayamba ndi "to knock" musamalize ndi "walking in". Mukafuna ya "-ing", ikhale konsekonse: "Knocking is more polite than walking in". Mbali yachiwiri ikhozanso kusiyidwa ngati womvera akuidziwa kale: "It would be more polite to wait".

Koma kumanga chiganizochi n'kopanda phindu ngati simukudziwa kuti m'Chingerezi chaulemu kuposa chinzake ndi chiti. Apa m'pofunika kufatsa.

Ife ulemu wathu uli m'kati mwa mneni. Mwana timamuuza kuti ndipatse, wamkulu timati ndipatseni, tikafuna kufewetsa timati ndipatseniko. Iwe ndi inu zimatigwirira ntchito yaikulu. Chingerezi nachonso chinali ndi kusiyana kumeneku: "thou" anali iwe, "you" anali inu, wa anthu ambiri komanso wa ulemu. "Thou" amapezekabe m'Baibulo la King James la 1611 ndi m'mapemphero akale, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 anali atazimirira m'Chingerezi cha masiku onse, kupatula m'zigawo zina za kumpoto kwa England. Anatsala "you" yekha, wa mfumu ndi wa mwana yemwe. Ndiye munthu akanena kuti "Give me the form", mumtima mwake akumva "ndipatseni", koma womvera ku London wamva "ndipatse". Ulemu umene unali mu "-ni" watayikira panjira.

Chingerezi ulemu wake chimausungira m'zinthu zitatu: kusandutsa lamulo kukhala funso, kubwezera mneni ku nthawi yakale, ndi kutalikitsa pempho. Makwerero ake, kuyambira pansi, ali motere.

"Send me the report." Ili ndi lamulo.

"Send me the report, please." Lafewako, koma likadali lamulo.

"Can you send me the report?" Lasanduka funso. Pakati pa anzanu a kuntchito likwanira.

"Could you send me the report, please?" Apa ndi pamene pali poyambira pabwino kwa munthu amene simukumudziwa. Ngati mungaloweze chimodzi chokha, lowezani chimenechi.

"Would you mind sending me the report?" Onani kuti pambuyo pa "mind" mneni amatenga "-ing". "Would you mind to send" n'cholakwika.

"I was wondering if you could send me the report." Ili ndi la pamwamba, la pempho lalikulu kapena kwa munthu waudindo.

"Could", "would" ndi "was wondering" akuoneka ngati a nthawi yakale, koma akunena za tsopano lino. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Munthu akafika pa ofesi, chipewa chili m'manja, sanena kuti "ndikufuna abwana". Amati "ndimafuna ndionane ndi abwana", kapena "ndimati ndipemphe nawo". Akufunabe, koma wabwezera mneni m'mbuyo kuti pempho lisagunde munthu pamphumi. Azungu akuchita zomwezo. N'chifukwa chake "I would like" ndi waulemu kuposa "I want", ndipo "May I" kapena "Could I" ndi waulemu kuposa "Can I".

Mawu atatu amene amativuta tikatuluka kunja ndi awa. "I am asking for water" ndi kutanthauzira kwa "ndikupempha madzi". Ku Lilongwe, ku Lusaka ngakhale ku Johannesburg anthu amamva kuti mwapempha mwaulemu, koma ku Britain zimamveka ngati mwatopa ndi kubwereza pempho lanu. Nenani "Could I have some water, please?" Lachiwiri ndi "kindly", lomwe ladzaza m'makalata a m'maofesi athu. Kwa ife ndi ulemu, koma kwa Mngelezi "Kindly reply by Friday" imamveka ngati chenjezo la munthu amene wayamba kukwiya; "Please could you reply by Friday?" ndi yofatsa. Lachitatu ndi "borrow me", lochokera ku "ndibwerekeni". Ngakhale mutaikapo "please" kangati, chiganizocho n'cholakwikabe: wopereka amachita "lend", wolandira amachita "borrow".

Yankho la "Would you mind" nalo limasokoneza. Funsolo likufunsa ngati zingakuvuteni. Mukavomera kuthandiza, yankho ndi "No, not at all" kapena "Of course not". Mukangoti "Yes" n'kukhala chete, mwanena kuti inde zikuvutani. Njira yopewera chisokonezo ndi kutchula chimene muchite: "Not at all, I will send it now".

Kukwera makwerero mpaka pamwamba sikuti nthawi zonse kumathandiza. Kupempha mchere patebulo ndi "I was wondering if you could possibly" kumamveka ngati chipongwe, ndipo mnzanu wapamtima mukamulankhula choncho amaganiza kuti mwamukwiyira. Kukula kwa pempho ndi kutalikirana kwanu ndi munthuyo ndizo zikuuzeni sitepe yoimapo. Amene akukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS General Training azindikire kuti gawo loyamba la zolemba ndi kalata ya mawu osachepera 150, yolembedwa m'mphindi pafupifupi 20, ndipo ochonga amayang'ana ngati kamvekedwe ka kalatayo kakugwirizana ndi wolandira. Kulembera mnzanu ngati mukulembera bwana kumadyetsa malikisi chimodzimodzi ndi kulembera bwana ngati mnzanu.

Sitepe 7: Dziwani pamene mawuwa amaluma

"More polite" akaloza munthu amene mukulankhula naye, amasanduka chidzudzulo. "You should be more polite" atanthauza kuti wachita mwano. Ngakhale mutakutira kuti "Could you be a bit more polite?", mbola ikadalipo. Kholo likhoza kuuza mwana choncho, koma kwa wamkulu kapena mnzanu wa kuntchito lozani mawuwo m'malo mwa munthuyo: "It might sound more polite to say it this way". Mwakonza chiganizo, mwini wake simunamuchititse manyazi.

Kuyamikira nako kumafuna kusamala. "You are more polite today" ikunena kuti dzulo munthuyo anali wamwano.

Palinso mawu ofanana maonekedwe koma osiyana matanthauzo. "He is no more polite than his brother" ikunena kuti onse awiri ndi amwano, ndi amodzimodzi. "He is not more polite than his brother" ikungokana kuti wina waposa mnzake, osaweruza. "She was more than polite", pamene "than" wabwera "polite" asanafike, ndi chiyamikiro chachikulu: anachita zoposa ulemu wamba. Ndipo wina akakuuzani kuti "He was just being polite", akutanthauza kuti munthuyo anangonena pofuna kusunga mtendere, monga mlendo amene amayamikira ndiwo zopanda mchere.

Zimango zina ziwiri zoti mukhale nazo: "more and more polite" wa ulemu umene ukunka nukula, ndi "The more polite you are, the more people listen", pamene "the" amayamba mbali zonse ziwiri ndipo "than" salowamo.

Sitepe 8: Katchulidwe

Mphamvu ya liwu la "polite" ili pa phatikizo lachiwiri. Loyamba ndi lalifupi, longodutsa. Lachiwiri limamveka ngati "light". Malizani pa "t" osawonjezera "i". Popeza m'Chichewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, samalani kuti nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano akumwamba n'kukhalitsa pamenepo, kuti "l" amveke. Liwuli linachokera ku Chilatini, politus, kutanthauza chosalazidwa kapena chopukutidwa, ndipo tsinde lake ndi lomwelo la "polish".

"Th" wa mu "than" si "th" wathu wa mu thumba kapena thobwa. Wathu ndi "t" wotuluka ndi mpweya. Wa Chingereziyu mumaika nsonga ya lilime pakati pa mano, mpweya n'kumadutsa, kholingo likunjenjemera. Gwirani pakhosi: mukamva kunthunthumira, mwapeza. M'chiganizo "than" satchulidwa mwamphamvu, amangotsetsereka pakati pa mawu awiri.

Yesani pa uthenga weniweni

Tengani uthenga uwu wa pa WhatsApp wopita kwa woyang'anira ntchito: "Good morning. I want leave on Monday. Kindly approve. I am asking because my child is sick."

Yambani ndi "I want", asanduke "I would like to take leave on Monday". Chifukwa chake chibwere pafupi, pempho lisanafike: "because my child is unwell". Kenako lamulo la "Kindly approve" lisanduke funso: "Would that be possible?" kapena "Could you let me know if that is all right?" "I am asking" achoke. Malizani ndi "Thank you". Uthenga wonse ukhala: "Good morning. I would like to take leave on Monday because my child is unwell. Could you let me know if that is all right? Thank you."

Tsopano yerekezani mauthenga awiriwa polemba ziganizo zitatu zanuzanu: china cha "much more polite than", china cha "It is more polite to", china cha "more politely". Pa chilichonse lozani ndi chala "more", lozani "than", kenako onani ngati zimene zili mbali ziwiri za "than" ndi za mtundu umodzi. Chiganizo choyamba chikhoza kukhala "The second message is much more polite than the first". Ngati mwalemba "than the first one", nachonso n'cholondola.